Njinga Yotsikika Msanga

Linali Lachiwiri, tsiku lovota kachiwiri chibwerereni zipani zambiri, nthawi ili 10 koloko m'mawa. Nthawiyo ndimaidziwa chifukwa bambo amene ankatipaka inki pa chala anali atangoyang'ana wotchi yawo n'kudandaula mokweza kuti mzere sukuyenda. Ndinali nditangotuluka m'kalasi momwe tinkavotera, chala chikadali chonyowa, pamene ndinaona mayi wina wa kumpingo kwathu akuthamanga kuchokera kumsewu, mpango uli m'manja. Ndinadziwiratu kuti kwagwa zoipa, chifukwa mkazi wamkulu sathamanga mutu uli pamtunda. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mama, tiyeni ku mlatho." Ndinamutsatira.

Mwamuna wanga anali atalawirira kukapikula nthochi kumtunda, mbali ya ku Misuku, kuti adzavote masana. Potsetsereka phiri lomaliza, kachitsulo ka buleki kanathyoka. Njinga yake inali ya zakuda zakale zija, zazitali, zamabuleki a ndodo, ndipo kumbuyo anali atamanga mikoko ya nthochi yolemera kuposa iye mwini. Anakawomba khoma la mlatho. Pamene ndinkafika, anthu anali atamufunditsa kale chitenje. Nthochi zinali mbwee msewu wonse, koma panalibe amene anatola ngakhale imodzi.

Njingayo anaibweretsa kunyumba itapindika pakati, kaliyala yekha ndi amene anatsala wowongoka. Belu panalibe. Ndinalifuna ndi maso, chifukwa belu limenelo linali long'aluka, linkalira mosasa ngati tambala wachimfine, ndipo ana athu aakazi awiri ankalimva bambo awo akadali kutsidya. Ndinangoganiza kuti linagwera m'madzi.

Ine si wa kuno ku Chitipa, kwathu ndi ku Dowa. Sukulu ndinalekezera sitandade 4. Tinakumana pa esiteti ya fodya ku Kasungu, iye akusankha fodya m'shedi, ine ndikuthandiza mayi anga aang'ono kuphikira antchito. Abale ake atabwera ndi malowolo, amalume anga analandira akumwetulira, osafunsa kuti ng'ombe zimenezi zikutanthauza chiyani. Kwathu ana ndi a kuchikazi, pamene kuno ndi a kumene kunachokera ng'ombe. Zimenezi ndinkangozimva, ndipo mwamuna wanga ali moyo sizinkandikhudza.

Chinthu choyamba chimene amamavyala, mayi a mwamuna wanga, anandiphunzitsa nditangofika chinali chakuti pabanja lino mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawayankhula, salowa m'nyumba imene iwo alimo, satchula dzina lawo. Mukakumana panjira, iwe umapatuka, umalowa patchire, umagwada utapereka msana mpaka adutse. Zaka zonse za banja langa nkhope ya adadavyala, bambo a mwamuna wanga, sindinaione. Ndinkadziwa chipewa chawo cha mlaza, ndodo yawo ndi chifuwa chawo, chifukwa nawonso akamayandikira pokhota ankatsokomola dala kuti ndimve. Ana ndi amene anandiuza kuti agogo ali ndi mpata kumano ngati bambo awo.

Titameta maliro, abale anakhala pansi kukamba za ife otsala. Amuna anakhala pabwalo, ine anandiika m'khitchini mwa amamavyala, chitseko chili chotsekedwa theka, kuti ndizimva koma osaona. Amene anayankhula kwambiri ndi alamu anga, mkulu wake wa malemu, amene amakhala ku Nthalire ndipo ali ndi khola la ng'ombe.

"Mlamu akadali mtsikana," anatero. "Asankhe. Alowe m'nyumba mwanga, kapena apite kwawo akakwatiwe. Koma ana ndi athu, ndiwatenga ine."

Ndinanong'oneza amamavyala kuti zonse ziwirizo sindikuzifuna, ndikufuna kukhala m'nyumba ya mwamuna wanga ndi kulera ana anga. Iwo anatulutsa mutu pakhomo n'kunena mawu angawo.

Alamu anaseka. "Aziwadyetsa chiyani? Inki ya pa chala?"

Ena anaseka nawo. Kenako ndinamva chifuwa chija, bwalo lonse linakhala chete. Adadavyala anayankhula kwa akazi awo, osati kwa ine. "Muuzeni mkamwana akhale mpaka mvula. Ana akagona ndi njala, kapena iye akachita chotichititsa manyazi, anawo apita ku Nthalire."

Chimanga chathu theka linathera pa maliro. Munda wathu ndi waung'ono, ndipo chaka chilichonse nthochi za mwamuna wanga ndi zimene zinkatifikitsa ku zokolola zina. Choncho ndinayamba kusenza pamutu. Ndinkadzuka tambala woyamba, kukwera kumtunda kukapikula mkoko umodzi, n'kuyenda nawo mpaka pa Boma. Ndinkafika dzuwa lili pamutu, akazi a apolisi ndi anthu a m'maofesi atagula kale kwa anjinga. Ndinkakhala pamsika ndikuthamangitsa ntchentche mpaka madzulo, kenako n'kugulitsa motaya kuti ndisabwerere nazo. Inali nyengo yozizira, zidendene zinang'ambika mpaka kutuluka magazi. Mwana wanga wamkulu anayamba kujomba kusukulu kuti azisamala mng'ono wake. Phindu la tsiku lonse linkagula kasopo ndi mchere, nthawi zina mchere wokha. Nkhokwe inkatsika, ndipo ndinayamba kuphika kamodzi patsiku, ine n'kumanena kuti ndadya kale kumsika.

Alamu ankabwera kudzationa. Ankayamba asuzumira m'nkhokwe asanapereke moni. Tsiku lina anagwira mkono wa wamng'ono, n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri, zalazo n'kukumana.

"Mlamu, uyu ndi mwana kapena ndi bango?"

Anapatsa anawo maswiti n'kuwauza kuti ku Nthalire ana amamwa mkaka m'mawa ndi madzulo. Atapita, wamkulu anandifunsa kuti, "Amayi, ku Nthalireko mupita nafe?" Ndinamuuza kuti akatunge madzi. Atachoka ndinakhala pansi kuseri kwa nkhokwe. Ndinaganiza zowatenga n'kuthawa nawo kwathu, koma ya matola ndinalibe, komanso msewu wotulukira m'boma lino ndi umodzi, aliyense amakuona. Ndinapemphera koma mawu sankabwera. Ndinkangonena kuti, ana anga, ana anga.

Za njinga ndinawauza amamavyala tikusola nyemba pakhonde pawo. Kupalasa ndinkadziwa pang'ono, kwa utsikana, pa njinga ya amalume, pamalo athyathyathya, mwendo wolowetsa kunsi kwa felemu. Amamavyala anasiya nyemba.

"Iwe mkamwana, mutu uli bwino? Wapansi amapatuka. Wapanjinga apatuka bwanji?"

"Nditsika, amama."

"Adadavyala ako si munthu wokhala pakhomo. Lero ali kudimba, mawa kutchalitchi, mkuja kumaliro, njira yake yomweyi. Ndiye uwadutse mutu wako uli pamwamba pa chipewa chawo, mawondo akuvina pamaso pawo? Mlamu wako akudikira chimenechi. Sadzadikiranso ndi mvula yomwe."

"Ndikangowaona nditsika."

"Ndi katundu? Potsetsereka?" Anandiyang'ana. "Mwana wanga anatsika?"

Tinamaliza nyembazo. Pochoka anandiuza kuti iwo sanamve kanthu, ndipo sakandinenera, komanso sakandiikira kumbuyo.

Ndinali ndi nkhumba imodzi, yangayanga, yogula ndi ndalama za zitumbuwa mwamuna wanga akadali moyo. Pogawa katundu alamu sanaiwerengere, chifukwa kumpingo kwawo nkhumba saikhudza. Inali ndi bere. Ndikanadikira ikanandipatsa ana, koma mvula sikanandidikira ine. Ndinaigulitsa kwa munthu wa butchala, ndalama n'kumanga pa mfundo ya chitenje chamkati. Ndinadziwa kuti ndikalakwitsa kugula, nkhumba yachiwiri kulibe. M'mawa mwake ndinakulunga kaliyala wa malemu m'thumba n'kunyamuka wapansi kupita pa Boma.

Sitolo imene ndinalowa inali ya bambo wina wa ku Mulanje, mkulu wa mpingo, wonenepa, bolopeni ili m'thumba la malaya. Ankagulitsa malata, misomali, shuga, ndipo njinga ankaziimika pakhonde. Pakhonde pomwepo pankakhala amuna awiri osintha ndalama za ku Tanzania. Nditapereka moni, mwini sitoloyo anatukula mutu.

"Aa, Chichewa chimenechi si cha kuno. Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Dowa."

"Ndiye mwafika kwa mchimwene wanu. Achemwali, tikuthandizeni chiyani? Njinga ya abambo akunyumba?"

"Yanga."

Anayamba ndi yakuda. Anaimenya pachishalo n'kunena kuti iyi ndi ng'ombe, imanyamula thumba la chimanga osadandaula. Inali ngati ya malemu yeniyeni, ndi mabuleki a ndodo omwe. Sindinathe kuikhudza. Ndinati iyo ayi, ndipo iye ataona nkhope yanga ndi mutu wanga wometa sanafunse.

Kenako anatulutsa yofiira. Anati dzina lake ndi mauntenibaiki, yangofika kumene kuchokera ku Tanzania, ya m'mapiri ngati a kuno. Inkanyezimira. Inali ndi masipuling'i kutsogolo ndi pansi pa chishalo, magiya dzanja ili ndi ili, matayala okhuthala a mano ngati a thirakitala, ndi zilembo zagolide ponseponse. Atanena mtengo, ndinaona kuti nkhumba yanga inkakwana, ngakhale kuti sipakanatsala kanthu.

"Chukua, mama, bei nzuri!" anakuwa m'Chiswahili mmodzi wa osintha ndalama aja, kutanthauza kuti nditenge, mtengo ndi wabwino. Mnzake anati ndikadutsa nayo pamsika ndipeza mwamuna tsiku lomwelo.

Ndinaikonda, sindingabise. Chimwalirireni mwamuna wanga ndinali ndisanaone chinthu chokongola chimene chingakhale changa. Ndinapempha kuti ndikaiyese kuseri kwa sitolo, kumene kunali kabwalo kotsetsereka pang'ono. Onse ananditsatira.

Pokwera ndinachita kuponda pa njerwa. Ndinapalasa mogwedezeka, koma ndinapalasa. Kenako ndinadziuza kuti chipewa chija chatulukira apo. Ndinafinya buleki. Chogwirira chake chinali cha pulasitiki, chinangopindika m'manja, njinga n'kumapitabe. Itaima, mapazi sanafike pansi. Ndinati ndiponye mwendo pamwamba pa felemu, chitenje chinakodwa pa chishalo, ndipo ndinagwa chagada, njinga pamwamba panga, chitenje chitamasuka.

Amuna aja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mwini sitolo anathamanga, koma anayamba wadzutsa njinga yake ndi kuipukuta ndi mpango, kenako n'kukumbukira ine. Ndinadzifunda msanga, koma sindinadzuke. Ndinkaganiza kuti ikanakhala njira ya kwathu, ana anga akanagona ku Nthalire sabata yomweyo. Ndinalira pamenepo, pafumbi, kuseri kwa sitolo ya munthu wosamudziwa, kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda.

"Pepani, achemwali, pepani," anatero mwini sitolo. "Kupalasa mumatha ndithu. Nanga bwanji mwangoima mwadzidzidzi popanda chifukwa? Anthu amagula njinga kuti akwere."

"Ine ndikufuna yotsika."

"Yotani?"

Ndinamufotokozera zonse, za mlatho, za adadavyala, za alamu ndi za mvula. Anakanda mutu ndi bolopeni yake.

"Kwathu wothawa apongozi ndi mkamwini, koma ngakhale iyeyo sachita kudziponya patchire. Inu zoona zimenezi?"

Mmodzi wa osintha ndalama aja, amene anali wa konkuno, anali atasiya kuseka. "Akunena zoona mama," anatero. "Kwathu mkamwana akadutsa apongozi ali pa njinga, imeneyo ndi ng'ombe ya mlandu. Ndipo poti ndi wamasiye, ana awatengadi. Pepani chomene, mama."

Mwini sitolo analowa m'chipinda cha katundu, ndipo tinamva akugwetsa zinthu. Anatuluka ndi njinga ina, fumbi lokhalokha. Anati anaigula kwa mkazi wa bwana wina wa pa chipata cha m'malire amene anasamutsidwa, ndipo ankachita nayo manyazi kuiika pakhonde. Nayonso inali mauntenibaiki, koma yaing'ono, yabuluu wosuluka, yokandikakandika. Chishalo chinali chong'ambika. Inalibe masipuling'i, inalibe madigadi, inalibe kaliyala, inalibe belu. Magiya ena ankalowa, ena ankangolira. Koma chitsulo chake chapakati chinali chotsika, chopendekera pansi kufupi ndi zopalasira.

Ndinadutsitsa mwendo kutsogolo osakweza chitenje. Nditakhala pachishalo, zala za mapazi onse awiri zinakhudza pansi. Zogwirira za mabuleki zinali zachitsulo. Ndinaikankha n'kufinya, ndipo tayala linaluma nthaka pomwepo.

"Dikirani," anatero mwini sitolo. Analanda chipewa cha mmodzi wa amuna aja, n'kutola tsache ngati ndodo. "Ine ndikhale apongozi anu. Kwerani, ndizitulukira pakona apa."

Ndinakwera n'kutsetsereka. Anatulukira akutsokomola ngati wodwala chifuwa chachikulu, atawerama, mimba ili patsogolo. Ndinafinya, ndinatsika, ndinagoneka njinga, ndinagwada kuyang'ana kumpanda.

"Ndakuona bondo, mkamwana!" anakuwa. "Ng'ombe imodzi! Bwerezanso!"

Tinabwereza kambirimbiri. Azimayi ogulitsa tomato anabwera kudzaonerera, wina akukuwa kuti apongozi amenewa anenepa kwambiri, mkamwana akuwadyetsa bwino. Ndinaseka nawo, misozi isanaume. Potsiriza ndinkakhala nditagwada iye asanamalize kutsokomola.

Mtengo wake unali wotsika kuposa wa yofiira ija. Zotsala ndinagulira waya watsopano wa mabuleki ndi malabala ake, ndinalipira wowotcherera kuti alumikize kaliyala wa malemu, ndipo zina ndinasunga zopikulira nthochi. Mwini sitolo anati ndigule chishalo chabwino, ndinati ndiikapo chiguduli. Anati nanga belu, ndinati lidikire.

Kaliyala atalumikizidwa, tinamangapo thumba la mchere kuti tiyese ndi katundu. Apa ndipo panaoneka vuto. Kuima inkaima, kutsika ndinkatsika, koma njinga yolemera sigonekeka mofatsa. Ukaigwira kuti isagwe, umakhala chiimire, nkhope ili kunjira. Ukati ugwade msanga, uyenera kuitaya. Mwini sitolo anavula chipewa chija n'kuchibweza kwa mwini wake.

"Apa ndiye ine ndilibe nzeru, achemwali. Mudzasankha nokha tsikulo."

Masabata oyamba ndinkapita kumtunda ndikukankha pokwera kwambiri, kwina n'kumapalasa ndi giya yopepuka. Matako anatupa, manja anachita matuza. Koma ndinayamba kufika pa Boma m'mawa, ndi mikoko itatu m'malo mwa umodzi, ndipo akazi a apolisi anayamba kundidziwa. Wamkulu anabwerera kusukulu. Tinayambanso kudya kawiri. Koma mantha sanandichoke. Ndinkapalasa maso ali kutsogolo, kufuna chipewa. Ndinatsikira amuna ambiri osawadziwa, ndipo tsiku lina ndinagwadira chitsa. Anthu m'mudzi ankanong'ona kuti wamasiye wa ku Dowa wasanduka mwamuna. Adadavyala ayenera kuti anamva, koma mawu ochokera kwa iwo sanabwere, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandiopsa kuposa kunyoza kwa alamu.

Inki ija inali itatsika mpaka kunsonga kwa chikhadabo pamene mitambo inayamba kusonkhana kumapiri. Kunkatentha, tchire linali litapsa. Alamu anafika kuchokera ku Nthalire, ndipo aliyense anadziwa chimene abwerera. M'mawa mwake ndinapikula nthochi ndi ndalama zonse zimene ndinali nazo, chifukwa ndinkafuna kubwerera ndi thumba la chimanga kuti alione ndi maso awo.

Pali malo ena pamene njira imatsetsereka n'kukhota pa chitsamba cha nsungwi, kufupi ndi dimba la adadavyala. Njinga inkagogoda pamiyala, masamba a nthochi akuchita phokoso kumbuyo kwanga, moti ngati anatsokomola sindinamve. Nditakhota ndinangoona chipewa cha mlaza, pafupi kwambiri, pakati penipeni pa njira, ndi munthu wachiwiri pambali pake.

Ndinagwetsa maso pansi n'kufinya ndi manja onse. Tayala lakumbuyo linakwekwereza, njinga inaima. Ndinadutsitsa mwendo. Katundu anayamba kupendekera kumanzere, ndipo ndinamva kulemera kwake m'manja, mmene munali chakudya chonse cha ana anga. Ndikanalimbana naye ndikanamutha, koma ndikanaima maso ndi maso ndi bambo a mwamuna wanga. Ndinatsegula manja n'kuisiya igwe.

Ndinadziponya palupsa n'kugwada, msana uli kunjira. Ziputu za udzu wopsa zinandilasa m'mawondo. Kumbuyo kwanga njinga inagwa, zingwe zinaduka, ndipo ndinamva nthochi zikuphwanyika ndi kugubuduka.

"Mwaona, adada?" Anali mawu a alamu. "Akanakugundani! Si zimene ndinkanena izi? Mkazi pa njinga, pamaso panu! Tikudikiranso chiyani?"

Ndinamva ndodo ya adadavyala ikuikidwa pansi. Ndinamva mapazi akuyandikira, kenako kubuula kwa munthu wokalamba akudzutsa chinthu cholemera. Tayala linazungulira pang'ono, kenako kwii. Linazunguliranso, kwii. Ankaikankha n'kufinya buleki, kuikankha n'kufinya, mobwerezabwereza, nthawi yaitali moti mawondo anga anachita dzanzi. Ndinkamva kupuma kwawo.

"Iyi ikugwira," anatero. Sankanena kwa ine, ndipo sindikhulupirira kuti ankanena kwa alamu. Anafinyanso. "Ya mwana wanga ikanagwira chonchi."

Kenako anati, "Tola nthochizo."

"Ine, adada?"

"Pali wina?"

Ndinakhala chigwadire, ndikumva amuna awiri akutola nthochi zanga. Mapazi awo atazimiririka, ndinatembenuka. Njinga inali itatsamira pa nsungwi, nthochi zabwino zitamangidwanso pa kaliyala ndi luzi, zophwanyika zitaunjikidwa pambali. Sindinadziwe ngati ndapulumuka kapena ndatha. Ndinapita kumsika, zophwanyikazo ndinagulitsa motchipa kwa azimayi a zitumbuwa, ndipo chimanga chimene ndinagula chinangokwana m'ndowa. Njira yonse yobwerera ndinkaganiza kuti ndikapeza nyumba ilibe ana.

Ndinawapeza akusewera pakhomo. Dzuwa likulowa amamavyala anabwera, anakhala pamphasa, n'kumasula kanthu pa mfundo ya chitenje chawo. Linali belu lija, long'aluka, lopindika mbali imodzi.

"Adadavyala ako analitola pa mlatho tsiku lomwe lija," anatero. "Amagona nalo kumutu. Akuti umange pa njinga yako, uziliza usanafike pokhota paliponse. Akuti wakatundu sapatuka, azipatuka ndi iwo."

Ndinalandira ndi manja awiri. Kenako ndinafunsa. "Nanga ana, amama?"

"Mlamu wako akwera matola mawa. Yekha."

Ndinalimanga pa handulo nthawi yomweyo, ndi waya, chifukwa bawuti yake inatayika. Nditaliyesa, linalira mosasa muja. Wamng'ono anatuluka m'nyumba akuthamanga, akukuwa kuti, "Ababa! Ababa!" Anaima pakhomo n'kuyang'ana uku ndi uku. Amamavyala anadzifunda chitenje kumutu, ine ndinamunyamula mwanayo.

Kuyambira pamenepo ndikaliza belu, adadavyala ankapatuka. Ankalowa m'munda wa aliyense umene uli pafupi n'kuima atapereka msana kunjira, ine n'kudutsa maso ali pansi. Nthawi ya dzinja ndinkangoona chipewa pamwamba pa chimanga. Akuluakulu anzawo anawanena kuti akuwononga mwambo, koma iwo sanasiye. Anamwalira ana atakula, ndipo pa maliro awo ndinakhala patali monga mwa lamulo. Nkhope yawo sindinaione mpaka lero.

Ana anga onse anakulira m'nyumba ya bambo awo. Wamkulu ali pa banja ku Lufita, wamng'ono amasoka zovala pa Boma. Njinga ija ndasintha matayala, tcheni, ndi chishalo chomwe, koma felemu, kaliyala ndi belu ndi zomwezo. Masiku ano ndimapita kumtunda masiku a msika okha, chifukwa mawondo ayamba kuvuta. Ndisananyamuke ndimayesa mabuleki onse awiri, ndimamanga nthochi zanga, ndipo ndikafika pa nsungwi paja ndimaliza belu n'kupitirira kumsika.